Kernel ikagwa, amatiuza ndani chomwe chachitika?

Pulogalamu wamba ikagwa, kaya ndi browser kaya ka app kolembera, pamakhala wina wotsala woti anene zomwe zachitika. Kernel ndi imene imaona kuti pulogalamu ija yagwira memory yosakhala yake, nde imaipha, kulemba penapake kuti yakuti yafa pa chifukwa chakuti, kutolera memory ndi mafayilo onse omwe inatsegula, inu mumangoitsegulanso basi nkumapitiriza ntchito. Koma nanga yogwayo ikakhala kernel yeniyeniyo? Pansi pake palibenso wina. Yemwe amayenera kulemba lipoti ndi yemwe wafayo, ndipo disk yomwe akanalembapo imadutsira kwa iye yemweyo. Chiyambireni kugwira ntchito ya ma driver, code yoyendetsa zipangizo ngati webcam kapena network card, funso limeneli ndi lomwe limandidyera nthawi kuposa china chilichonse, ndipo zida zonse zomwe ndikufuna kufotokoza pano zinabadwa poyesa kuliyankha.

Kwa amene simunazolowere, kernel ndi gawo la operating system lomwe limayankhula ndi CPU, memory, disk, network card ndi zina zonse zogwirika, mapulogalamu ena onse amachita kupempha kwa iyo kudzera mu ma system call ngati open, read, write. Ndikamba kwambiri za Linux chifukwa ndi yomwe zonse zili poyera, aliyense atha kuwerenga. Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, pano ili ndi mizere ya code yopitirira 30 miliyoni ndipo gawo lalikulu ndi ma driver. Chovuta nchakuti ma driver onsewa amakhala mu memory imodzi ndi kernel yonse, ali ndi mphamvu zofanana, palibe mpanda pakati pawo. Driver ya ka webcam ikalemba pamalo olakwika itha kuononga zinthu za file system, nde vuto nkudzaonekera kwina kutali patapita maola. Ndipo izi si za Linux yokha ayi, pa 19 July 2024 update yolakwika ya CrowdStrike inapangitsa driver yawo ya mu kernel ya Windows kuwerenga memory kunja kwa malire, makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni malinga ndi Microsoft anangoonetsa screen ya buluu ija, ndege zinaima, mabanki ndi zipatala zinavutika. Chikanakhala cholakwika cha pulogalamu wamba bwenzi itangotsekeka yokha.

Tiyambe ndi printk, chifukwa chilichonse chimabwerera kwa iyo. Munthu wodziwa C amazolowera printf, koma mu kernel mulibe C library, komanso printf imadalira kernel yomweyo kuti itulutse mawu. Nde kernel ili ndi yakeyake. Kungoiona imaoneka ngati kanthu kakang'ono koma ntchito yake ndi yowawa, imayenera kugwira paliponse, mkati mwa interrupt pomwe chipangizo chadukiza CPU kuti ichithandize, pomwe code yagwirizira loko woletsa code ina kugwira chinthu chomwecho, makina akungoyaka kumene screen isanadzuke, ngakhale pa sekondi yomaliza kernel ikufa. Siingadikire, siingagone, siingapemphe memory yatsopano. Chomwe imachita nkulemba uthenga mu kachigawo ka memory kosungidwiratu kotchedwa ring buffer, kenako uthengawo nkutumizidwa ku ma console omwe alipo, malo otulukira mawu monga screen kapena chingwe cha serial. Mukalemba dmesg pa terminal mukuwerenga buffer imeneyi, journalctl -k nayo imakupatsani mauthenga omwewo omwe journald inakopera kuchokera ku /dev/kmsg.

Uthenga uliwonse umakhala ndi level, kuyambira 0 mpaka 7. Pa 0 ndi emergency, makina atha basi, kenako alert, critical, error pa 3, warning pa 4, notice, info pa 6, debug pa 7. Nambala yoyamba mu /proc/sys/kernel/printk ndi yomwe imanena kuti ndi mauthenga ati afike pa console, otsalawo amangokhala mu buffer. Anthu masiku ano salemba printk yeniyeniyo kawirikawiri, amalemba pr_err kapena pr_info, ndipo mu driver chabwino ndi dev_err chifukwa imaika dzina la chipangizo kutsogolo kwa uthenga. Izi ndimalimbikira kwambiri ndikamaona code ya anzanga, uthenga wongoti "failed" popanda kunena kuti chalephera nchiyani, pa chipangizo chiti, error code yanji, ndi chimodzimodzi osalemba kanthu, munthu wodzawerenga pakati pa usiku sadzapindula nawo.

Dzina loti ring likutanthauza kuti ikadzaza imabwerera poyambira nkumafufuta zakale. Apa nde pamagona msampha. Driver imodzi yolongolola, yolemba uthenga womwewo ka 1,000 pa sekondi, imakankhira kunja mzere umodzi uja womwe unali ndi yankho, inu pofika mumangopeza phokoso lokhalokha. Nchifukwa chake pali printk_ratelimited ndi pr_warn_once, komanso mutha kukulitsa buffer ndi log_buf_len poyatsa makina. Palinso dynamic debug, mauthenga a debug amakhala ali mu kernel koma ali chete, inu nkudzutsa a fayilo imodzi kapena function imodzi yokha polemba mu fayilo ya control, osafunika kukompayilanso chilichonse.

Pali chinthu china chomwe ndinachiphunzira movutikira. Ndinali ndi ka board kakang'ono ka ARM patebulo, driver ya network inkangouma kamodzi pa ma transfer ambirimbiri, palibe uthenga, palibe chilichonse, ka LED kokha kali chiyakire. Ndinalumikiza chingwe cha serial chotumizira mauthenga ku kompyuta ina, mawaya atatu, TX, RX ndi ground, nkuika printk pamalo onse omwe ndinkawakayikira. Vuto linasowa. Board inayenda usiku wonse bwinobwino. Kuchotsa ma printk aja m'mawa, pasanathe ola yaumanso. Chifukwa chake ndi masamu wamba, serial ya 115200 baud imatumiza zilembo pafupifupi 11,500 pa sekondi, ndekuti mzere umodzi wa zilembo 80 umatenga ma millisecond 7 kapena chapompo, ndipo kwa CPU imeneyo ndi nthawi yaitali zedi. Vuto langa linali race, mbali ziwiri za code zinkalimbirana chinthu chimodzi popanda loko woyenera, nde printk inkachedwetsa mbali imodzi mpaka ziwirizo osakumananso. Chida chofufuzira chinkasintha chinthu chomwe chikufufuzidwacho.

Chinandipulumutsa ndi ftrace. Steven Rostedt ndi amene amaiyang'anira, inalowa mu 2.6.27 mu 2008, ndipo imapezeka mu /sys/kernel/tracing. Iyo siitumiza kanthu ku console, imalemba mu buffer ya CPU iliyonse payokha mwachangu kwambiri, nde siisokoneza kayendedwe ka nthawi ngati printk. Ndinasintha ma printk aja kukhala trace_printk, nkuyatsa ftrace_dump_on_oops komanso zoti kernel izichita panic, kuima kotheratu, ikaona kuti CPU yauma, ndipo itaumanso zonse zinakhuthukira pa serial, mizere iwiri yoyandikana, CPU 0 ndi CPU 1, zikugwira chinthu chimodzi motalikirana ma microsecond ochepa chabe. Ndinaiyang'ana mizere iwiriyo nthawi yaitali, sabata yonse yovutika inali pamenepo. Ftrace imathanso kuonetsa function iliyonse yomwe yaitanidwa ndi nthawi yomwe yatenga, ndipo pambali pake pali perf, kprobes ndi eBPF ndi bpftrace yake, zomwe zimakulolani kufunsa kernel ili mkati mogwira ntchito. Anthu a Solaris anali ndi DTrace kalekale mu 2005, a Windows ali ndi ETW, maganizo ake ndi ofanana.

Printk yomweyo yavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri. Ma patch (zosintha za code) a PREEMPT_RT, opangitsa Linux kuyankha pa nthawi yotsimikizika, anakhala kunja pafupifupi zaka 20, ndipo chotchinga chomaliza chinali printk, chifukwa CPU yomwe yagwidwa ndi ntchito yotulutsa mauthenga pa console yochedwa siingalonjeze kuyankha msanga. John Ogness ndi anzake analembanso ring buffer kuti isamadalire loko mu 5.10 mu 2020, kenako kutumiza ku console anakupatsa ma thread akeake kupatula pa nthawi ya ngozi, ndipo PREEMPT_RT inalowa mu 6.12 mu 2024.

Tsopano uthenga uli mu RAM, makina afa, mukawayatsanso ring buffer yayambiranso. Muutulutsa bwanji? Njira yakale ndi serial ija, kompyuta ina imakhala ikumvetsera ndi kusunga chilichonse, ndipo mpaka lero ndi yomwe ndimaikhulupirira kwambiri chifukwa driver yake ndi yophweka, imagwirabe zina zonse zitagwa. Netconsole imatumiza mauthenga pa netiweki ndi UDP, yabwino pa ma seva, bola vutolo lisakhale mu network driver momwemo. Pstore ndi ramoops zimasunga mizere yomaliza mu kachigawo ka RAM komwe sikafufutidwa makina akangoyambiranso osazima magetsi, kapena mu ma variable a EFI, mukayatsa mumazipeza mu /sys/fs/pstore, mafoni a Android amadalira kwambiri njira imeneyi. Yaikulu ndi kdump, mumapatula memory ndi crashkernel poyatsa, mmenemo mumakhala kernel yachiwiri ikudikira, yoyamba ikafa kexec imadumphira kwa yachiwiriyo ndipo iyo imakopera memory yonse ya yakufayo kukhala fayilo ya vmcore yoti mudzaifukule ndi chida chotchedwa crash.

Kufa nako kuli mitundu. Oops ndi pomwe kernel yapeza cholakwika chachikulu, mwachitsanzo NULL pointer, code kugwira adilesi ya memory yosaloza kanthu, nde imapha process yomwe inali pa CPU nkuyesa kupitiriza, koma imapitiriza ili yovulala, mwina ndi loko yemwe palibenso womutsegula. Panic ndi kuima kotheratu. WARN_ON imangokuwa nkusindikiza komwe ili koma osapha kanthu. Mukapatsidwa log yokhala ndi ma oops asanu, werengani yoyamba, zinazo nthawi zambiri ndi zotsatira chabe. Yang'anani mzere wa RIP pa x86 kapena pc pa ARM, umanena function ndi malo enieni, kenako Call Trace yomwe imaonetsa njira yomwe code inadutsa kuti ifike pamenepo, script ya decode_stacktrace.sh imasandutsa zimenezi kukhala dzina la fayilo ndi nambala ya mzere. Osaiwala mawu oti Tainted ndi zilembo zake, P ndekuti muli module, code yoonjezera yolowetsedwa mu kernel, yomwe code yake ndi yobisa, O ndi module yochokera kunja, W ndekuti panali warning kale, D ndekuti inachitapo oops kale. Ma maintainer, anthu oyang'anira magawo a kernel, akaona P ambiri amakuuzani kuti yesaninso popanda module imeneyo, ndipo sindiwadzudzula, sangafufuze chinthu chomwe sangachiwerenge.

Koma zonsezi zikuthandiza pokhapokha kernel yagwa kapena yakuwa. Ma bug oopsa kwambiri sakuwa. Tengani use-after-free, code yabweza memory kenako nkuigwiritsanso ntchito. Nthawi zambiri palibe chimachitika, memory ija ikadali ndi zomwe zinalimo, test imadutsa, aliyense nkusangalala. Tsiku lina memory yomweyo yapatsidwa kwa wina, nde mbali ziwiri zikulemba pamodzi, kapena munthu wa zolinga zoipa waikamo zake dala kuti alande makina. Ndiye mutha kukhala ndi ma test 10,000 onse obiriwira bug ili phee mkatimo. Apa ndi pomwe ndinamvetsa kuti kutesta kernel ndi ntchito ziwiri, kuigwedeza kuti idutse njira zachilendo, komanso kuiphunzitsa kukuwa pomwe cholakwika chachitikira osati mawa lake.

Ntchito yachiwiriyi ndi ya zida ngati KASAN, yomwe inalowa mu Linux 4.0 mu 2015. Pa ma byte 8 aliwonse a memory imasunga byte imodzi yonena ngati malowo ndi ololedwa kugwira, ndipo compiler imaika kafunso patsogolo pa kuwerenga ndi kulemba kulikonse. Memory yobwezedwa siiperekedwanso msanga, imasungidwa kaye pambali itaikidwa chizindikiro, m'mbali mwa memory iliyonse yoperekedwa mumaikidwanso malire oletsedwa. Code ikangoponda polakwika lipoti limatuluka pompo, ndipo lipoti la KASAN ndi chinthu chokongola kwa munthu wofufuza, limakupatsani nkhani zitatu, pomwe memory yagwiridwa molakwika, "Allocated by task" kusonyeza yemwe anaipempha, ndi "Freed by task" kusonyeza yemwe anaibweza. Bug yomwe kale inkadya mwezi pano nthawi zina mumaiona pongowerenga tsamba limodzi. Mtengo wake ndi woti kernel imachedwa ndipo imadya RAM yambiri, nde siyoyendetsa pa makina a makasitomala, kumeneko kuli KFENCE ya mu 5.12 yomwe imangolondera memory yochepa yosankhidwa apo ndi apo, kudalira kuti makina akachuluka wina adzaigwira. Abale ake ndi KCSAN ya ma data race ya mu 5.8, KMSAN ya memory yowerengedwa isanalembedwe kanthu ya mu 6.1, UBSAN ya code yochita zomwe malamulo a C salola, ndi kmemleak ya memory yoiwalika osabwezedwa.

Chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndi lockdep ya Ingo Molnar, ya mu 2006. Deadlock imachitika chonchi, code ina yatenga loko A ikufuna B, ina yatenga B ikufuna A, zonse zimadikirana mpaka kalekale. Kuti zichitikedi pamafunika ziwirizo zikumane pa kamphindi kenikeni, mwina kamodzi pa chaka pa seva imodzi mwa 1,000. Lockdep siidikira zimenezo. Imangolemba dongosolo lomwe maloko amatengedwera, ikaona A kenako B lero, mawa nkuona B kenako A kwina, olo makina sanaume, imalemba "possible circular locking dependency detected" ndi njira zonse ziwiri. Ikunena za ngozi yomwe siinachitike koma ingathe kuchitika. Dziwani kuti ikanena kamodzi imadzizimitsa, nde lipoti loyamba likanyalanyazidwa limabisa ena onse akumbuyo kwake. FreeBSD ili ndi yofanana nayo yotchedwa WITNESS, Windows ili ndi Driver Verifier.

Onani kuti zida zonsezi zimayankhulira malo amodzi, mu log ya kernel. Nchifukwa chake sindivomera anthu akamalekanitsa nkhani ya ma log ndi ya ma test ngati ndi zinthu ziwiri.

Zida za ntchito yoyamba ija, yoigwedeza kernel, nde zilipo zambiri. KUnit inalowa mu 5.5 mu 2020, anaiyambitsa ndi Brendan Higgins ku Google, ndi ya ma test ang'onoang'ono a function imodzi mkati mwa kernel momwemo, mumalemba kunit.py run ndipo imamanga kernel yoyenda ngati pulogalamu wamba kudzera mu User Mode Linux, osafuna board kapena kuzimitsa kompyuta yanu. Zotsatira zake zimalembedwa mu log momwemo mwa kalembedwe ka KTAP, "ok 1" kapena "not ok 2" ndi dzina la test, zoti munthu ndi makina omwe atha kuwerenga. Kselftest, yomwe Shuah Khan amaiyang'anira, ili mu tools/testing/selftests ndipo imayesa kernel kuchokera kunja ngati mmene pulogalamu ingachitire. LTP inayambira ku SGI ndipo ili ndi ma test ambirimbiri a ma system call, xfstests inayambira pa XFS koma pano anthu a ext4 ndi btrfs saitaya, rcutorture ya Paul McKenney imazunza kwa maola RCU, njira ya kernel yogawana data pakati pa ma CPU. Palinso fault injection, kunamiza kernel dala kuti memory yatha kapena disk yakana, chifukwa code yosamalira zolephera ndi yomwe siiyendetsedwa kawirikawiri ndipo ma bug amakonda kubisala mmenemo. Ena sayatsa nkomwe kernel, amangowerenga code, sparse, smatch ya Dan Carpenter ndi Coccinelle ya Julia Lawall.

Ma test onse olembedwa ndi munthu ali ndi malire amodzi, amayesa zomwe munthuyo anaziganizira. Fuzzing imayesa zomwe palibe anaziganizira. Trinity ya Dave Jones inkaponya ma system call osokonekera nkupeza zambiri, koma syzkaller ya Dmitry Vyukov, yomwe inatuluka cha mu 2015, inasintha zinthu. Anthu amailembera mafotokozedwe a ma system call, kuti iyi imabweza file descriptor, iyo imafuna struct yamtundu wakuti, nde timapulogalamu tomwe imapanga timakhala tomveka mokwanira kuti tilowe mkati osakanidwa pakhomo. Kenako kcov imaiuza mizere ya kernel yomwe kapulogalamu kalikonse kafikako. Kakafika pamalo atsopano kamasungidwa nkumasinthidwa pang'onopang'ono, kuonjezera call apa, kusintha nambala apo, kakapanda kubweretsa chatsopano kamatayidwa. Zimenezi zimachitika usana ndi usiku m'makina ambirimbiri a virtual, kernel yake itayatsidwa KASAN, lockdep ndi zinzake.

Nanga imadziwa bwanji kuti yapeza kanthu? Imawerenga console, basi. Imasaka mizere yoyamba ndi "BUG:", "WARNING:", "KASAN:" ndi ina yotero, nkutenga dzina la function mu Call Trace kupanga mutu wa lipoti, monga "KASAN: use-after-free Read in" kenako dzinalo, ndipo mutu umenewu ndi womwe imagwiritsa ntchito kudziwa kuti kugwa ka 500 ndi bug imodzi yomweyo. Ndekuti munthu akasintha kalembedwe ka uthenga wa kernel mosaganiza atha kuchititsa khungu makina ofufuza, komanso mauthenga a ma CPU awiri akalowererana pa console lipoti limaonongeka. Syzbot, yomwe inayamba mu 2017, imatenga zonsezi nkuzitumiza yokha kwa ma maintainer. Lipoti lake limabwera ndi log yonse, fayilo ya .config yonena mmene kernel inamangidwira, commit (kusintha kumodzi kwa code kosungidwa mu git) yomwe inayesedwa, ndipo zikatheka kapulogalamu ka C kobweretsanso vutolo, katachepetsedwa mpaka ma call ochepa okha ofunika. Mukakonza mumayankha ndi "#syz test" ndi patch yanu, iyo imamanga, kuyesa, nkukuuzani ngati vutolo latha. Yapeza ma bug masauzande, ndipo syzkaller imagwiranso pa FreeBSD, NetBSD, OpenBSD ndi Fuchsia.

Kupeza commit yomwe inabweretsa vuto ndi ntchito ya git bisect. Version iliyonse ya Linux imatuluka pakatha masabata 9 kapena 10, awiri oyamba ndi olandira zatsopano, otsalawo ndi a ma rc, ma version oyesera yeniyeni isanatuluke, ndipo imabwera ndi ma commit opitirira 10,000. Kuwayesa imodzi imodzi sizingatheke, koma mukamadula pakati nthawi iliyonse, iyi ili bwino, iyi yaonongeka, maulendo 14 okha akukwanirani. Ndi git bisect run makina amachita okha inu mukugona. Koma zimadalira test yonena zoona nthawi zonse, ngati bug imaoneka kamodzi pa maulendo khumi nde "ili bwino" imodzi yabodza imakusocheretsani mpaka kukaloza commit ya munthu wosalakwa.

Pamwamba pa zonsezi pali maloboti omwe amamanga ndi kuyesa mosalekeza. Linux-next, yomwe Stephen Rothwell anaiyamba mu 2008, imaphatikiza ntchito za ma maintainer pafupifupi tsiku lililonse kuti kusagwirizana kuoneke msanga. Kernel test robot ya Intel, ambiri amaitcha 0-day, imatenga ma patch nkuwamanga pa ma architecture osiyanasiyana ndi ma config osankhidwa mwachisawawa, munthu umatumiza patch madzulo m'mawa nkupeza uthenga woti yakana kukompayila pa makina omwe sunawaonepo. KernelCI inayamba mu 2014 ndi anthu a ARM omwe anatopa ndi ma board osayaka, inakhala pansi pa Linux Foundation mu 2019, ndipo mphamvu yake ndi ma lab okhala ndi ma board enieni, iliyonse ili ndi chingwe cha serial ndi switch ya magetsi yoti makina atha kuizimitsa ndi kuiyatsa ikauma. Linaro ili ndi LKFT, Red Hat ili ndi CKI, ndipo ma kernel a stable omwe Greg Kroah-Hartman amatulutsa amadutsa m'manja mwa angapo mwa amenewa asanafike kwa anthu.

Nde mwina mukuti basi nkhani yatha, maloboti agwira ntchito. Ayi ndithu. Makina a virtual alibe zipangizo zambiri zenizeni, ndekuti ma driver ochuluka, omwe ndi gawo lalikulu la kernel, fuzzer siiwafika, ndipo lab iliyonse ili ndi ma board ochepa poyerekeza ndi zomwe zili m'manja mwa anthu. Ma race ena ndi opyapyala moti amakhala zaka, Dirty COW inapezeka mu 2016 itakhala mu kernel kuyambira 2007. Ma test ena amadutsa lero mawa nkulephera popanda chosintha, anthu akatopa nawo amasiya kuwayang'ana, tsiku lomwe anena zoona palibe womvera. Ngakhale WARN_ON anthu amakangana nayo, chifukwa makina ambiri amayatsa panic_on_warn, nde chenjezo lomwe wolemba ankaliona ngati laling'ono limagwetsa seva yonse, komanso syzbot imatenga WARN iliyonse ngati bug, choncho siyoika pa zinthu zomwe pulogalamu wamba itha kuyambitsa pongotumiza zolakwika.

Chondiwawa kwambiri ndi chakuti maloboti amapeza mofulumira kuposa mmene anthu angakonzere. Pa tsamba la syzbot pamakhala malipoti mazanamazana otsegula, ena m'magawo a code omwe maintainer wake ndi munthu mmodzi wogwira madzulo akaweruka kwina, ena omwe alibe mwini nkomwe. Thorsten Leemhuis anachita kupanga regzbot kuti izilondola zinthu zomwe zinkagwira kale nkuonongeka, kuti zisamangomira mu mulu wa mauthenga. Makampani amapereka makina mosavuta koma nthawi ya munthu wodziwa kuwerenga Call Trace nkumvetsa chifukwa chake loko uyu anatengedwa apa ndi yomwe ikusowa, ndipo ine ndikanakhala ndi mphamvu ndalama zambiri zikanapita kumeneko.

Inu ngati kernel yakugwerani ndipo mukufuna kunena, mutha kumuchepetsera ntchito munthu ameneyu. Tumizani dmesg yonse kuyambira mzere woyamba wonena version, osati mizere isanu yomaliza yokha, ndipo ikhale mawu okopera osati chithunzi pokhapokha ngati palibiretu njira ina. Ikanipo .config, nenani version yomaliza yomwe inkagwira bwino, ndi zomwe munkachita pomwe imagwa. Script ya get_maintainer.pl ikuuzani woyenera kumutumizira. Ngati vutolo limabwereranso mukafuna, mangani kernel ina yoyatsa KASAN ndi PROVE_LOCKING yomwe imayatsa lockdep ija, lumikizani serial kapena netconsole musanayambe, muyendetsenso, lipoti lomwe lituluke pamenepo ndi lomwe mutumize limodzi ndi loyamba lija.